Kumanga majigi a nthenga ndi kuwakoka pofuna crappie

Crappie ndi nsomba yodya choyang'ana kumwamba. Nyambo ikadutsa pamwamba pake pang'ono, imanyamuka n'kuimeza. Ikadutsa kunsi kwa mimba, ngakhale ikongole chotani, nthawi zambiri siicheukira n'komwe. Ntchito yonse imene ndifotokoze pano, kuyambira pa tebulo la m'galaja mpaka pakati pa damu, yagona pamenepa.

Ine ndimawedza kumpoto kwa Mississippi, ku America, makamaka pa Grenada Lake, ndipo mwa apo ndi apo pa Enid ndi Sardis. Awa ndi madamu amene anamangidwa ndi US Army Corps of Engineers pofuna kuchepetsa kusefukira kwa madzi, koma lero anthu amawadziwa chifukwa cha crappie zikuluzikulu. Pa Enid ndi pomwe Fred Bright anagwira white crappie yolemera mapaundi 5 ndi maaunsi 3 mu 1957, pafupifupi makilogalamu 2.35, ndipo asodzi akumeneko amaikambabe. Kwa amene simunaione, ndi nsomba yophwatalala ngati chambo, koma ya kamwa lalikulu lopyapyala kwambiri. Ilipo ya mitundu iwiri. White crappie ili ndi mizere yotsika m'nthiti ndi minga 5 kapena 6 pa chipsepse cha pamsana, pomwe black crappie ndi yamawangamawanga, minga yake 7 kapena 8. M'madzi amatope a m'madamu amenewa yochuluka ndi yoyerayo.

Jigi ndi mbedza yokhala ndi kamutu ka mtovu, yovekedwa nthenga kuti ioneke ngati kansomba. M'masitolo muli zapulasitiki zambirimbiri, zotsika mtengo, ndipo zimagwira ndithu. Komabe ine ndimamanga zanga, chifukwa nthenga imapuma m'madzi ngakhale boti likuyenda mwaulesi, komanso chifukwa ndimafuna kudziwa kulemera kwa jigi iliyonse imene ndaponya.

Mitu ndimagula yosapaka utoto. Anzanga ena amasungunula okha mtovu n'kuthira m'chikombole, koma ine zimenezo ndinazikana. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 a Celsius, ndi poizoni, ndipo dontho limodzi la madzi likagwera mu mtovu wosungunuka umathovoka n'kukuwaza kumaso. Ndimagula mitu ya 1/32, 1/16 ndi 1/8 ya aunsi. Wa 1/16, umene ndimagwiritsa ntchito kwambiri, umalemera pafupifupi magalamu 1.8. Ndikafika nayo kunyumba ndimaiika pa kasikelo umodziumodzi, pakuti zolembedwa pa paketi sizifanana nthawi zonse ndi zomwe zili m'katimo, makamaka mukagula kwa opanga osiyanasiyana. Yofanana kulemera ndimaiika m'kabotolo kamodzi. Izi zimaoneka ngati kuchulutsa gaga m'diwa, koma pamadzi mudzaona phindu lake.

Utoto wake ndi wa ufa. Ndimagwira mbedza ndi pulayala, n'kutenthetsa mutu pa makina ouzira mpweya wotentha kwa masekondi ochepa, kenako n'kuuviika mu ufa mwachangu, kulowetsa ndi kutulutsa. Mutu ukatentha bwino ufa umasungunuka pomwepo n'kunyezimira. Ukatenthetsa umakoka ufa wambiri, utoto n'kumalendewera ngati mphuno. Musanaumitse, boolani kabowo komangirira chingwe ndi nsonga ya mbedza yakale, chifukwa utoto ukauma umalimba zedi ndipo mudzavutika nawo muli m'boti, zala zili zii ndi chisanu. Ndikatero ndimapachika mituyo pa waya m'kauvuni kamagetsi, pa madigiri 350 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 175 a Celsius, kwa mphindi 20. Kauvuniko n'ka ntchito yokhayi basi. Mayi a kunyumba ananena kale kuti mtovu usayandikire kukhitchini, ndipo palibe chotsutsa.

Tsopano kumanga kwenikweni. Mbedza ndimaipana pa vayisi, kachipangizo kogwira mbedza kuti isasunthe, mutu uli kudzanja lamanja, thunthu la mbedza litagona molunjika. Ndimadontheza guluu pang'ono kumbuyo kwa mutu, n'kuyamba kukulunga ulusi wa phula wa 210 denier (muyeso wa kunenepa kwa ulusi) kuchokera pamutu kubwerera m'mbuyo, mpaka pamalo oyang'anizana ndi nsonga ya mbedza. Ulusi woyambawu ndiye maziko. Popanda iwo nthenga zimazungulira pa chitsulo nsomba ikangokoka kawiri.

Mchira ndi wa marabou, nthenga zofewa za nkhukundembo zonyikidwa mu utoto. Pano m'pamene ambiri amaonongera jigi, chifukwa diso la munthu limakonda mchira wodzaza. Ine ndimazula katsumba kochepa, konga theka la kamene mtima ukufuna. Ndimanyowetsa zala, n'kukasisita kuti nthenga zigone pamodzi, kenako n'kukayeza pa mbedza: mchira utuluke kumbuyo kutalika kofanana ndi mbedza yomweyo, osapitirira kwambiri. Mchira wautali, nsomba imaluma nthenga zokhazokha n'kusiya mbedza. Mchira wochindikala umayandamitsa jigi, ndiye imayenda pamwamba kuposa momwe mukuganizira. Ndimagwira katsumbako pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pamwamba penipeni pa mbedza, n'kuzunguliza ulusi kawiri momasuka, kenako n'kukoka molimba chotsitsa, kuti nthenga zisagwere m'mbali. Nsonga za mchira zikatalika sindidula ndi sizasi. Ndimazitsina n'kuzithothola ndi zikhadabo, kuti zisathere pamzere umodzi ngati burashi yopentera. Mbali iliyonse ndimaonjezera timizere tiwiri ta ulusi wonyezimira, osati mtolo.

Thupi ndi la chenille, kachingwe kaubweya. Ndimasenda ubweya kunsonga kwake kuti paoneke ulusi wa m'kati, n'kumangirira ulusiwo pamene mchira wayambira. Ulusi wanga ndimaubweretsa kutsogolo, kenako n'kukulunga kachingweko mothithikana mpaka kukagunda mutu. Pamenepo ndimakapana ndi ulusi katatu kapena kanayi, n'kudula chotsala, n'kumanga mfundo yotsekera kawiri. Pamfundopo ndimadontheza kyutekisi yopanda mtundu, yomwe ija ya zikhadabo, mosamala kuti isalowe mu ubweya. Chomaliza ndimayang'ana mpata wa pakati pa thupi ndi nsonga ya mbedza. Chenille wonenepa amatseka mpatawo, ndipo jigi yotero ndimaimasula n'kuyambiranso.

Jigi yoyamba ya mtundu uliwonse ndimaimangirira ku kachingwe n'kuikoka m'bafa lodzaza madzi. Marabou ikanyowa imaonda n'kusanduka kamzere, koma mukangoimitsa imatambasuka, mukakoka imafinyikanso. Iyende chogona, nsonga ya mbedza ikuloza kumwamba. Ikamapendekera mbali imodzi ndiye kuti nthenga zinagwera kumbali.

Za mitundu anthu amatsutsana mpaka kutha mawu. Kwa ine nkhani ndi yachidule: m'madzi amatope ndimafuna zooneka patali, monga olenji, pinki, kapena thupi lakuda la mchira wa chartreuse, wachikasu chopita ku kubiriwira. Madzi akayera ndimaponya yoyera kapena yotuwa, yofanana ndi tinsomba ta shad timene crappie zimadya. Mtundu uliwonse ndimamanga angapo ofanana ndendende, chifukwa umene nsomba zaukonda tsiku limenelo ndi womwenso umakodwa pa chitsa.

Nyengo yabwino yokoka majigi ndi boti ndi kumapeto kwa chisanu, cha mu February mpaka April, nsomba zikuchoka kwakuya kulowera m'timitsinje tothira m'damu. Madzi akafunda kufika cha m'ma 60 a Fahrenheit, pafupifupi madigiri 16 mpaka 18 a Celsius, zimakaikira mazira m'mphepete mosaya, ndipo kukoka kumachepa mphamvu. Zisanatero zimakhala zitabalalika, zikuyandama pakatikati pa madzi, osati pansi. N'chifukwa chake kuyenda nazo nyambo kumaposa kukhala malo amodzi.

Njira zilipo ziwiri. Ena amaika ndodo zowedzera zazitali kutsogolo kwa boti, zitatambasuka ngati miyendo ya kangaude, n'kumakankha nyambo pang'onopang'ono zedi ndi mtovu wolemera. Ine ndimakoka kumbuyo, majigi ali kutali ndi boti. Ndodo ndimaika zotalika mosiyana, yaifupi ya mafiti 8 kuloza kumbuyo, ya mafiti 12 chapakati, ya mafiti 16 kutulukira m'mbali, kuti zingwe zitalikirane. Ambiri kuno amagwiritsa ntchito ndodo za B'n'M, kampani ya ku West Point m'boma lomweli la Mississippi. Musanadzaze boti ndi ndodo, werengani malamulo a damulo, chifukwa pa madamu awa pali malire a ndodo zimene munthu mmodzi angaponye, mbedza pa ndodo iliyonse, ndi nsomba zotenga pa tsiku, ndipo malirewo amasinthidwa. Layisensi ikhale m'thumba, jekete loyandamitsa likhale m'thupi.

Chingwe ndi cha nayiloni chopirira kulemera kwa mapaundi 6, chachikasu chowala kuti ndizichiona. Jigi ndimaimanga ndi mfundo yosiya kalupu, kuti izigwedezeka momasuka m'malo mokakamira ku chingwe. Ndimayamba ndayendetsa boti ndi kainjini kamagetsi, kenako n'kuponya ndodo imodziimodzi, kuyambira yaitali ya kunja. Mukaponya boti litaima, majigi onse amakagona pansi n'kukodwa.

Kuya kwa jigi kumadalira zinthu zitatu: kulemera kwake, kutalika kwa chingwe chimene chili kunja, ndi liwiro. Ine ziwiri zoyambazo ndimazisiya zisasinthe, n'kumasewera ndi liwiro lokha. Ndimayambira pa mailosi imodzi pa ola, omwe ndi makilomita 1.6, kuyenda kochedwa kuposa kwa munthu wapansi. Ndikatsitsa kufika 0.8 majigi amamira, ndikakweza kufika 1.2 amakwera. Kuti ndidziwe pomwe akuyenda, ndimapita kaye pamalo athyathyathya amene makina oonera pansi pa madzi akusonyeza kuya kwake, tinene mafiti 8, n'kumachepetsa liwiro mpaka nsonga ya ndodo itayamba kugwedeza mutu, kusonyeza kuti jigi ikukhudza matope. Ndimalemba liwirolo ndi kulemera kwa jigi pa kapepala komata pa bokosi. Apa m'pamene sikelo ija imabwezera: majigi onse akalemera mofanana, muyeso umodzi umakwanira ndodo zonse.

Makina akasonyeza nsomba pa mafiti 10 pamalo akuya mafiti 16, ndimafuna majigi adutse pa mafiti 8 kapena 9. Ndikafuna kutsika kwambiri ndimamanga awiri pa chingwe chimodzi, motalikirana pafupifupi mafiti atatu.

Pokhota m'pofunika kuleza mtima. Khotani motakasuka, apo ayi zingwe zimalukana ndipo theka la ola limathera pomasula. Komanso kukhotako kumaphunzitsa. Majigi a mbali ya m'kati amachedwa n'kumira, a kunja amathamanga n'kukwera. Nsomba ikadya ku ndodo ya m'kati, ndimadziwa kuti ndichepetse liwiro. Ikadya ku ya kunja, ndimaonjezera. Mphepo nayo ndimailola indikankhe kumbuyo m'malo molimbana nayo, chifukwa mafunde akamamenya kutsogolo liwiro limangosinthasintha.

Kudya kwake sikwaphokoso. Ndodo imangowerama n'kukhala choweramira. Musakoke mwamphamvu ayi, boti lakola kale mbedza. Tulutsani ndodo pachoikira, iimikeni, muzipota pang'onopang'ono osalola chingwe kukhwefuka, nsombayo ibwere pamwamba pa madzi kudutsa pakati pa zingwe zinazo. Boti lisaime. Kamwa la crappie limang'ambika msanga, bowo la mbedza limakula ikamaphiriphitha, ndiye yaikulu iliyonse ndimaitunga ndi kaukonde ka mpini wautali, sindiinyamula ndi chingwe. Ndikaikweza ndimaigoneka pa bolodi yoyezera. Pa Grenada, Enid ndi Sardis yosapitirira mainchesi 12 imabwerera m'madzi, ndipo oyang'anira nyama ndi nsomba amayeza ndithu akakupezani.

Ndikagwira ziwiri pamalo amodzi ndimaika chizindikiro pa makina, n'kupitirira ndithu patali ndisanakhote kubwereranso pomwepo. Mtundu wa jigi umene wadyedwa kawiri ndimaumangiranso ku ndodo zina.

Pofika kunyumba majigi onyowa sinditsekera m'bokosi. Ndimawabaya pa kasiponji n'kuwasiya pa mphepo usiku wonse, chifukwa nthenga zonyowa zimadyetsa mbedza dzimbiri, ndipo utoto wa marabou wakuda umadontha n'kudetsa woyera. Amene michira yawo yathothoka ndimawasenda ndi lezala mpaka patsale mutu ndi mbedza, n'kuwabwezera m'kabotolo ka kulemera kwawo kuti adzavekedwenso.