Zomwe anthu akulankhula za America kunyanja kwa Nkhotakota

Ukangopatuka pa Kaphatenga kutsata msewu wa M5 kuloza kumpoto, nyanja umayamba kuimva usanaione. Mpweya umalemera, malaya amamata pamsana, ndipo paliponse pomwe minibasi yaima pamafika fungo la usipa wouma. Ndinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, ndinasintha galimoto pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo chondiyendetsa chinali kukazonda amalume ku Nkhotakota, omwe miyendo yayamba kuwavuta. Nkhani za mayiko zinandipeza zokha m'njira.

Titadutsa pa Khombedza, mnyamata yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anatsegula kanema pa foni, mawu ali pamwamba. Anali Ibrahim Traoré, msilikali yemwe analanda boma ku Burkina Faso mu 2022. "Uyu ndiye mwamuna, achimwene," anatero akundilozera foniyo. "Azungu onse anawapirikitsa. Ife kuno timangowanyambita mapazi a ku America, taonani lero atitaya." Ndinamuuza kuti asilikali omwe Traoré anatulutsa m'dziko mwake mu 2023 anali a ku France. Anayankha kuti onsewo ndi amodzi. Mayi wina kumbuyo, dengu la tomato lili pamiyendo, anangoti, "Mwana wanga anali pa ntchito ya za edzi. Pano ali pakhomo." Minibasi yonse inayamba kuyankhula nthawi imodzi, ndipo mpaka pa Benga sindinamve ngakhale mmodzi woikira kumbuyo America.

Izi zinandikhudza, chifukwa ine ndinakula nthawi yomwe dzina la America linkatchulidwa mwaulemu m'midzi mwathu. Mwana wanzeru ankamuuza kuti adzapita ku America. Galimoto ya nyenyezi ndi mizere ikaima pa chipatala, anthu ankadziwa kuti kwabwera thandizo.

Pa mlatho wa Chia tinaima pang'ono. Anyamata anathamangira m'mawindo atanyamula chambo m'mwamba, chomangidwa m'makha ndi luzi, china chikadaphupha. Ndinagula cha amalume, ndipo kondakitala anachipachika pa galasi la m'mbali kuti chiziwombedwa ndi mphepo mpaka pa boma.

Amalume ndi mphunzitsi wopuma. Madzulo amenewo tinadya kondowole ndi chambo chija, ndipo atandiyalira pogona ndinaona kuti neti yomwe anandipachikira ili ndi kachikwangwani kosokeredwa pakona, pali manja awiri ogwirana chanza ndi mawu oti ndi mphatso yochokera kwa anthu a ku America. Pa mphuthu ya chitseko panali zilembo za choko zoyamba kufufutika, zomwe opopera mankhwala a udzudzu ankalemba akamaliza nyumba. Anthu ambiri a m'tauni sadziwa kuti Nkhotakota ndi boma lomwe ntchito yopopera m'nyumba ndi ndalama za President's Malaria Initiative, pologalamu ya boma la America yolimbana ndi malungo, inayambira, mu 2007, chifukwa malungo kuno ndi a chaka chonse. Madambo a mpunga, nyanja, Chia, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, paliponse pali madzi oswanirana udzudzu. Ndiye munthu wa kuno akamatchula America sakamba za dziko la pa wailesi ya kanema. Akamba za neti yomwe mwana wake amagonamo.

M'mawa mwake kunabwera msuweni wanga, mwana wa amalumewo. Iyeyu ankagwira ntchito ndi bungwe lina lomwe linkalandira ndalama kuchokera ku America, ndipo ntchito yake inali yotsata anthu omwe aphonya tsiku lokatenga ma ARV. Amatenga mndandanda ku chipatala, n'kukwera njinga, mudzi ndi mudzi, doko ndi doko. Ndinamufunsa momwe zinathera.

"Asuweni, inali meseji ya pa WhatsApp basi. Imani kaye ntchito, musapite kumudzi kulikonse. Ine ndinali ndi anthu omwe ndinawalonjeza kuti ndibwera Lachiwiri. Kenaka anatiitana kuti tikabweze zipangizo."

Pa 20 January 2025, tsiku lomwe analumbiritsidwa, pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lopita kumayiko ena kwa masiku 90. Patangopita masiku ochepa makalata oimitsa ntchito anafalikira dziko lonse lapansi. Mu March nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, Marco Rubio, inalengeza kuti mapologalamu 83 mwa 100 alionse a USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, athetsedwa, ndipo pa 1 July bungwelo linatsekedwa. Dziko lathu linkalandira ndalama zoposa 350 miliyoni za America pa chaka, zambiri mwa izo za umoyo.

Msuweni wanga ndi munthu wachilungamo, sanakokomeze. Anati mankhwala ku chipatala alipo, pakuti ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba lomwe mayiko ambiri amasonkhamo polimbana ndi matenda, ngakhale kuti nakonso wopereka wamkulu ndi America yemweyo. Chomwe chikumudya mtima ndi anthu. Msodzi akamva kuti usipa wagwa ku Likoma kapena tsidya la Mozambique, amanyamuka ndi botolo limodzi la mankhwala, n'kukatha miyezi. Mtsikana woopa kuti apongozi amuona pa mzere amangosiya. Anthu oterewa sabwerera okha, pamafunika wina wowadziwa dzina, wokakhala nawo pa khonde n'kuwanyengerera. M'dziko lomwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV, ntchito ya pa njinga imeneyi siyaing'ono. Pologalamu ya America yolimbana ndi edzi ya PEPFAR, yomwe George W. Bush anayambitsa mu 2003, inafika nthawi yomwe okhoma mabokosi a maliro anali pa mzere m'misewu yathu yonse. Amene tinaona zaka zimenezo timadziwa chomwe msuweni wanga akuopa.

Amalume ankamvetsera ali pa mpando wawo wa ndalema. Iwowa anaphunzitsidwa masamu ku sekondale ndi mnyamata wa Peace Corps, gulu la anthu a ku America ogwira ntchito mongodzipereka lomwe linafika m'dziko muno mu 1963 tisanalandire ufulu. Amamukumbukirabe, akuti ankadya nsima ndi manja ndipo Chinyanja ankachiyesetsa ndithu. "Mphwanga," anandiuza, "ndalama ndi zawo, palibe angawakakamize. Koma mlendo yemwe wadya nanu zaka makumi asanu ndi limodzi sachoka usiku osatsanzika. Akanati tikuchoka pakatha zaka zitatu, konzekani, bwenzi lero tikuwathokoza."

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kusiyana kwa mkwiyo wa mnyamata wa m'minibasi ndi wa anthu a pakhomo pano. Wa mnyamata uja ndi wobwereka pa foni, ndipo makanema ambiri otamanda Traoré ndi opeka. Wa amalume ndi wa munthu yemwe ankakhulupirira. Anandikumbutsanso kuti aka sikoyamba America kutseka mpopi. Pambuyo pa zionetsero za pa 20 July 2011, pomwe anthu 20 anaphedwa, bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation linaimitsa mgwirizano wa magetsi wa ndalama zokwana 350 miliyoni za America. Nthawi imeneyo Amalawi ambiri anaona kuti n'zomveka, chifukwa cholakwa chinkadziwika ndipo chinali chathu. Mayi Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 mgwirizanowo unabwerera, ndipo ndalamazo zinakonza Nkula A ndi kumanga nthambo zikuluzikulu za magetsi kuchoka ku Phombeya kufika ku Nkhoma. Ulendo uno palibe anatiuza chomwe talakwa.

Masana ndinayenda wapansi kupita ku mtengo wa Livingstone, mkuyu waukulu womwe uli pafupi ndi mishoni ya Anglican. Mbiri imati pansi pake David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yomwe inkachita malonda a akapolo kuno, m'zaka za m'ma 1860 kumudandaulira za malonda a akapolo. Kuchokera pa gombe la pano anthu masauzande ankawolotsedwa nyanja m'zombo, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Tauni ino inadziwa kalekale kuti zochita za anthu akutali zimafika pakhomo.

Chakumunsi, pansi pa mtengo wa mango, abambo ankasewera bawo, ndipo nkhani inali ya chiphaso. Kuyambira pa 20 August 2025, Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba omwe nzika zake zofuna kukacheza kapena kukachita malonda ku America zinayamba kulamulidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Ndalamayo imabwezedwa munthu akabwerako pa nthawi yake, ndipo chifukwa chomwe anapereka n'chakuti ena mwa anthu athu amapitirira masiku awo. Koma madola 15,000 anali ndalama zoposa K26 miliyoni pa mtengo wa kubanki wa mu 2025. Mwa abambo onse omwe anali pa bawo paja ndikukayika ngati panali wofuna kupita ku America. Chinawapweteka ndi kusankhidwa. "Dziko lonse lapansili, oyamba kukayikiridwa tikhale ife?" anatero mkulu wina akutapa nkhomo. "Sitinamenyepo nkhondo ndi munthu. Othawa nkhondo a ku Mozambique tinawasunga, a ku Congo tikuwasunga ku Dzaleka."

Ndinatulutsa K2,000 kuti ndigule madzi, ndipo nkhope yomwe ili pa ndalamayo ndi ya John Chilembwe, yemwe anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kubwerako mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission mothandizidwa ndi mipingo ya Baptist ya anthu akuda a kumeneko. Kamuzu Banda udokotala anautengera ku Meharry Medical College mu 1937. Peter Mutharika anaphunzitsa za malamulo zaka zambiri ku Washington University ku St. Louis. Khomo lomwe likutsekedwali ndi lomwe atsogoleri athu anadutsira.

Ku Nkhotakota kuli Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya a Jumbe, ndipo mnzawo wa amalume, bambo wachikulire wa kanzu yoyera yemwe anabwera kudzawaona atachoka ku mzikiti, anali ndi chifukwa chake china. Za neti sanazitchule n'komwe. Anakamba za Gaza, za ana omwe amawaona pa foni ya mdzukulu wawo, ndi za ndalama zokwana madola 3.8 biliyoni zomwe America imapereka ku Israel chaka chilichonse pa za nkhondo. Anafunsa kuti zimatheka bwanji ndalama ya zida kupezeka, ya mankhwala n'kusowa. Amalume, omwe ndi a Anglican, sanatsutse.

Wina angafunse kuti kudandaula kwa anthu a pa bawo kuli ndi ntchito yanji pa ubale wa mayiko. Ine ndikuona kuti kuli nayo. Mayiko ena ayamba kale kubweza. Chad inaimitsa ziphaso za nzika za America mu June 2025 itaikidwa pa mndandanda wa oletsedwa kulowa. Mali inalengeza chikole chake kwa anthu a ku America mu October. Niger inatulutsa asilikali a America mu 2024. Malawi alibe mphamvu zotere, ndipo sindikufuna kuti tiyese. Koma tili ndi voti ku United Nations, tili ndi miyala ya mtengo wapatali ku Kangankunde, ku Kasiya ndi ku Kayelekera yomwe mayiko akuluakulu akuilakalaka, ndipo nduna yomwe idzasaine mapangano amenewo idzakhala ya boma losankhidwa ndi anthu omwewa. Kuyambira pomwe tinasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, China yamanga nyumba ya malamulo, bwalo la Bingu, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo ndi msewu wa Karonga–Chitipa, zinthu zooneka ndi maso. Mu December 2024 inachotsanso msonkho pa katundu wochokera kumayiko osauka ngati lathu. Chomwe America inali nacho kuposa onsewa chinali chikondi cha anthu wamba, chomwe chinamangidwa pang'onopang'ono m'zipatala ndi m'makalasi.

Komabe sindigwirizana ndi omwe akuti America sinatichitirepo kanthu, kapena oti tingosintha bwenzi basi zonse zitheka. Bwalo la mpira silitsata msodzi wosiya mankhwala. Ndipo gawo lina la mkwiyowu liyenera kupita ku Capital Hill. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku za umoyo, ndipo ife zaka zambiri sitifikapo. Malipiro a munthu ngati msuweni wanga sanayenere kudalira chisankho cha dziko lina kwa zaka zonsezi. Ndinanena zimenezi pa khonde, ndipo amalume anati ndikazinene kwa phungu, iwo anatopa nako kulemba makalata.

Msuweni wanga pano akugula mpunga wa kilombero kwa alimi n'kumagulitsa pa msika wa pa boma. Pa anthu omwe anali pa mndandanda wake, alipo ena omwe amawayenderabe ndi njinga yobwereka, popanda womulipira, chifukwa akuti sangathe kukumana nawo pa maliro n'kuwayang'ana kumaso. Tsiku lobwerera anandiperekeza ku depoti atandisenzera thumba la mpunga loti ndikamugulitsire ku Lilongwe. Ndinamufunsa ngati angabwerere pa ntchito a ku America atayambiranso kupereka ndalama.

"Ndingabwerere mawa lomwe, asuweni, anthu aja akundidikira. Koma ulendo uno ndidzayamba ndafunsa kuti adzachoka liti, ndipo mndandanda wanga adzausiya m'manja mwa ndani."