Kusiya n'kumene kumadya mphamvu

Usiku wathawu ndagona tulo tabwino koyamba m'masabata atatu. Nkhani ya mmene minofu imagwirira ntchito, imene tikuphunzira m'kalasi, yalowa tsopano. Za mayina a mapuloteni a m'minofu monga actin, myosin ndi troponin sindibwerezanso, tonse m'kalasi tinaloweza kalekale. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi funso limodzi la pa mayeso oyeserera: n'chifukwa chiyani nsomba ikafa imauma gwa pakapita maola angapo? Ine ndinalemba kuti magazi amaundana. Pepala linabwerera ndi mzere wofiira, popanda ngakhale liwu limodzi londiuza pamene ndalakwa.

M'mutu mwangamu ndinkangodziwa kuti ATP ndi mafuta a mnofu, ndiye mafuta akatha mnofu uyenera kulefuka ngati chingwe chosakunga. Nanga ukuumiranji? Kumeneko n'kumene ndinkasochera. Mu mnofu muli timaulusi ta actin ndi ta myosin, ndipo ta myosin tili ndi timitu timene timagwira actin n'kukoka. ATP ikafika pa kamutu ka myosin, ntchito yake yoyamba ndi kukamasula kuti kasiye actin. Kusiya, anzanga! Kenako ATP ija imasweka, kamutu kamabwerera m'mbuyo, kamagwiranso patsogolo n'kukoka. Nyama ikafa, maselo amaleka kupanga ATP, kashiamu amatayikira m'kati mwa selo n'kutsegula malo ogwirapo a pa actin, timitu timagwira, koma chotimasula palibe. Mtembo umauma chifukwa minofu yagwira ndipo yalephera kusiya. Ngakhale kubweza kashiamu mosungira mwake kuti mnofu upumule kumafunanso ATP yomweyo.

Zinandilowa nditatseka buku. Ndinalowetsa zala za dzanja lamanja m'mipata ya zala za kumanzere n'kumazikankhira m'kati pang'onopang'ono. Zikhatho zikuyandikana, koma palibe chala chimene chafupika. Sarcomere, kagawo ka mnofu kamene kamafupika mnofu ukamakoka, imatero ndithu, kanthu kotalika pafupifupi mamaikuromita 2 okha: timaulusi timangolowana. Ndinaganizanso za munthu wokoka ndowa m'chitsime. Amagwira, kukoka, kusiya, kugwira m'munsi, ndipo manja onse awiri sasiya nthawi imodzi, apo ayi ndowa ibwerera pansi. Dzanja likakanirira pa chingwe, ndowa siikweranso.

Zoti timaulusi timalowana zinasindikizidwa mu 1954 m'magazini ya Nature, m'malipoti awiri otuluka tsiku limodzi, lina la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke, lina la Hugh Huxley ndi Jean Hanson. A Huxley awiriwa sanali pachibale n'komwe. Akatswiri anafunika makina amphamvu oonera tinthu ting'onoting'ono, ine zala khumi zandikwanira. Ndafika poti phunziro lililonse limene sindingalisonyeze ndi manja ndimaliyesa kuti sindinalimve. Mnzanga wina akuti ndikukokomeza, akuti ndimuonetse kapamba ndi zala. Ndimupezera njira.

Nditamvetsa zimenezi, nsomba imene tinaidula mu labu mwezi watha inayamba kuyankhula. Tinaidula mopingasa, ndipo mbali zonse ziwiri, pansi penipeni pa khungu motsatira mzere wa m'mbali mwa nsomba, panali kachigawo kofiirira kopyapyala. Kwina konseko kunali koyera mbee. Tsiku limenelo ndinangojambula n'kulemba mayina. Kofiirako kali ndi myoglobin (puloteni yofiira yosunga okosijeni), mitochondria (timagawo ta m'selo topanga ATP) ndi timitsempha ta magazi tambiri, moti kamapanga ATP mosadukiza pogwiritsa ntchito okosijeni. N'kamene nsomba imasambira nako tsiku lonse mosatopa. Mnofu woyerawo, ngakhale ndi wochuluka chonchija, nthawi zambiri umangodikira. Umadzuka nsomba ikamathawa mdani kapena ikamambwandira chakudya. Umaswa glycogen (shuga wosungidwa mu mnofu) osadikira okosijeni, lactic acid amachuluka, ndipo posakhalitsa watheratu, kuti ubwerere mwakale pamatenga maola. N'chifukwa chake nsomba imene yaphupha nthawi yaitali mu ukonde imauma msanga kuposa imene yafa mwadzidzidzi: ATP yake inali itatha kale isanafe. Apa ndinaseka ndekha, chifukwa ndi funso lija landilakwitsa lija, langovala malaya ena.

Nkhuku nayo chimodzimodzi, chidali choyera poti imangouluka pang'ono ikadzidzimuka, miyendo yoderako poti imayenda tsiku lonse. Nkhunda chidali chake n'chofiira. Nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa tuna ndiye inachita kusuntha mnofu wake wofiira kuuika m'kati pafupi ndi fupa la msana, ndipo mitsempha yake ya magazi inayalidwa moti kutentha sikuthawira m'madzi, choncho mnofuwo umakhala wofunda kuposa nyanja. Ndipo poti mnofu umangokoka, sukankha, wakumanzere ukakoka thupi la nsomba limapindikira kumanzere, wakumanja n'kulibweza. Msana sufupika, ndiye thupi limangopindika, funde n'kumayenda kuchokera kumutu kukathera ku chipsepse cha kumchira.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka m'mphindi zisanu. Aphunzitsi athu anangowerenga manotsi, ife tikulemba mothamanga ngati alembi a pa msonkhano. Mawu akuti ATP imamasula myosin alimo ndithu m'kope langa, ndawapeza dzulo, olembedwa ndi dzanja langa lomwe, pakati pa mizere ina makumi awiri yofanana nayo. Wina atafunsa, anayankhidwa kuti silabasi ndi yaitali, tikawerenge tokha. Sindikuwada, kalasi yathu ndi yaikulu ndipo nthawi ndi yochepadi. Koma masabata atatu anga apita.

Pano ndakakamira pa ma myomere, zigawo za mnofu zondondozana m'thupi la nsomba. Ndikudziwa kuti amaoneka ngati W wogonekedwa cham'mbali, olowanalowana, olekanitsidwa ndi timakoma ta collagen totchedwa myosepta. Ndayesa kupinda zala, ndayesa kupinda mapepala, sizikutuluka. Ndikafuna kuona m'maganizo mmene kukoka kwa kachigawo kamodzi kumafikira kumchira, chithunzi chimabalalika. Palinso nkhono za zigoba ziwiri zimene zimatseka kwa maola ambiri zikuwononga mphamvu zochepa kwambiri, ndi njuchi zimene mapiko ake amakupiza maulendo oposa 200 pa sekondi pamene uthenga wochokera ku mitsempha ya ubongo umabwera mwa apo ndi apo. Ndikuona ngati nkhani ya kugwira ndi kusiya ija ikukhudza zonsezi, koma mwina ndangoikonda kwambiri moti ndikuiona paliponse. Mayeso atsala masabata awiri, ndipo za mtima sindinazitsegule n'komwe.