Madala a ku Ndirande ndi zaka zawo

Tulo sitikubwera chifukwa cha madala aja a ku Ndirande. Anandilozera kwawo ndi amayi ena a pamsika, akuti ankaimba banjo m'mabala nthawi ya Kamuzu. Ndawapeza pakhonde akusoka nsapato, banjoyo ili pakhoma, chikopa chake chambuzi chitang'ambika, zingwe zitatsala ziwiri.

Ndafunsa kuti gulu lawo linayamba liti. "Papa asanabwere," atero. Papa John Paul II anabwera kuno mu 1989, ndiye "asanabwere" akhoza kukhala 1988, akhozanso kukhala 1970. Ndafunsanso mwaulemu. "Aa, mwana wanga, Daniel Kachamba ali moyo." Chabwino, Kachamba, woimba gitala wotchuka uja, anamwalira mu 1987. Zaka ziwiri zachokapo, basi.

Koma chandivuta kwambiri si zakazo. Titafika pa nyimbo zimene sankaloledwa kuimba, nditangotchula Censorship Board, bungwe la boma lounika ndi kuletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu, madala aja asiya kusoka, ayang'ana kumsewu, mawu atsika. "Zimenezi mukupita nazo kuti, achimwene?" Lamulo lake ndi la 1968, chipani chimodzi chinatha ndi referendamu ya 1993, koma munthu akuyang'anabe kumsewu asanayankhe. Ndazimitsa foni yojambulira. Apo m'pamene ayamba kulankhula bwino, nthabwala ndi zonse, ine ndikulemba pachikuto cha kope ngati mwana wochedwa m'kalasi.

Mtima unandipsa pang'ono m'minibasi pobwerera, osati ndi iwowo ayi. A Kachamba a ku Chileka ali ndi zaka zolembedwa, zithunzi, matepi, chifukwa Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967 n'kumawajambula. Nanga ena onse amene ankavinitsa anthu ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa? Ku National Archives ku Zomba, kosungirako zolembedwa zakale za dziko lino, ungapeze makalata a boma, koma amene ankagwedeza bala Loweruka usiku sankalembera boma kalata. Ndipo ukalemba zimene wauzidwa pakamwa, ophunzira amafunsa kuti umboni uli kuti. Umboni ndi madala amene akusoka nsapato aja, ndipo akutsokomola moipa.

Mpongozi wawo wandiuza kuti ndibwerenso Loweruka, kudzakhala mnzawo wa ku Bangwe amene ankaimba ng'oma. Wandichenjezeratu kuti awiriwa sagwirizana ngakhale pa dzina la gulu lawo. Wina amati linatchedwa dzina la mtsinje, wina amati la mwini bala. Ndilemba liti? Onse awiri analipo.