Mawu oti "charge" andizungulira tsiku lonse lero

Lachitatu. Magetsi anazima kuyambira usiku ndiye ndadzuka foni itathima, ndathamangira kwa mnyamata wometa tsitsi pamsika paja poti ali ndi sola. Ndamufunsa, "Achimwene, mukutchaja?" iye akuti "Eya tikutchaja, koma pano tikutchaja 300." Wanena kamodzinkamodzi osaganiza n'komwe, kutchaja koyamba ndi kuika moto mu batire, kwachiwiri ndi mtengo, ndipo tamvana bwinobwino ndalipira ndasiya foni.

Cha m'ma 9 ndaperekeza mayi aang'ono kuchipatala kukatenga mankhwala a BP. Mzere unali wautali ndithu, ndiye ali pa benchi paja aona chipepala chomata pakhoma, akuti "Mwanawe, tandiwerengera apa alemba chiyani." Panalembedwa kuti thandizo lonse ndi free of charge. Ndawauza kuti akutanthauza kuti ndi zaulere, munthu asakulipiritseni. Pasanathe nthawi nesi watuluka nkutiuza kuti tidikire kaye a in-charge akubwera. Mayi andiyang'ana, "Si mwati kuno kulibe tchaji? Nanga ameneyo ndi ndani?" Ndawafotokozera kuti ameneyo ndi mkulu woyang'anira pano, sakhudzana ndi ndalama ayi. Angoti "Chizungu ichi" nkupukusa mutu. Pobwerera mu minibasi nkhani za pa wailesi zikuti munthu wina has been charged with theft, apa tsopano ndi mlandu, apolisi amutsegulira mlandu wakuba.

Koma chandikhudza kwambiri ndi cha madzulo. Mwana wa achemwali anga ali Form 3, anabwera ndi ntchito ya English yowerenga nkhani nkuyankha mafunso. Nkhaniyo inali ya alendo okaona nyama, ndiye penapake panalembedwa kuti the elephant charged at the car. Mwana wakhala pamenepo mphindi zambirimbiri cholembera chili mkamwa, kenako akundifunsa motsitsa mawu, "Amalume, njovu ingalipiritse bwanji galimoto?" Sikuti ndi mbuli ayi, mwanayu masamu amakhoza kwabasi. Anatsegula kadikishonale kake kakang'ono kaja, waona tanthauzo loyamba, wakhulupirira, basi watseka. Ndipo mu kope lake la fizikisi muli charge winanso, positive ndi negative, mayina amene wasayansi wa ku America Benjamin Franklin anayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 1740, ndiye iye m'mutu mwake amaona ngati ndi mawu awiri osiyana amene angofanana mwangozi.

Ndamukhazika pansi ndamuuza zomwe ine zinandithandiza. Mawuwa anachokera ku Chifalansa chakale, ndipo kumeneko anachokera ku Chilatini, carrus, kutanthauza ngolo. Poyambirira penipeni charge kunali kulongedza katundu pangolo, nchifukwa chake ndi pachibale ndi car, cargo komanso carry. Ukangogwira pamenepo zambiri zimamasuka zokha. Wogulitsa akakutchaja wakusenzetsa mtengo. Apolisi akusenzetsa mlandu. A in-charge aja awasenzetsa udindo wa chipatala chonse. Batire ukulilongedza moto. Ngakhale mfuti zakale zija, kuthiramo onga ankatinso charge, ndipo akatswiri ena amati apa ndi pomwe panachokera tanthauzo lothamangira mdani, lija la njovu yolusa ikamalunjika galimoto makutu ili tambasu. Maso ake anawala, akuti "Ndiye onsewa ndi katundu eti?" Ndati eya, kungoti uziyang'ana amene wasenzetsa ndi amene wasenza.

Zimandiwawa chifukwa ana ambiri amaphunzira Chizungu ngati mndandanda, liwu ili tanthauzo lake ili, lowezani, mawa mayeso. Pomwe mawu ovuta kwenikweni si ataliatali aja ngati photosynthesis, amenewo ali ndi tanthauzo limodzi ukaloweza watha. Ovuta ndi timawu tatifupi timene mwana amaganiza kuti amatidziwa kale ndiye safunsanso. Dikishonale yaikulu ya Oxford ya 1989 inapatsa liwu loti set matanthauzo 430, ndipo akonzi ake atalembanso loti run anapeza 645, pamenepo ngati mneni pokha. Tsono mwana amene akungodziwa kuti run ndi kuthamanga adzatani akakumana ndi munthu amene akuchita run bizinesi, kapena mphuno imene ikuchita run? Ndipo tisaiwale kuti ukalephera English satifiketi ya MSCE sulandira, kaya maphunziro enawo wakhoza bwanji.

Chomwe chimandilimbitsa mtima nchoti luso limeneli anawa ali nalo kale. Ndamufunsa kuti kudya ndi chiyani, akuti kudya nsima. Ndati nanga msungichuma wadya ndalama za gulu? Nanga nsapato yadya mbali imodzi? Nanga wakudya pa bawo? Waseka, akuti izo nzosavuta munthu umangomva pa nkhani yake. Ndati ndi zomwezo basi, Chizungu nachonso uzimvera pa nkhani yake, werenga chiganizo chonse kaye usanathamangire dikishonale, ndipo ukaitsegula utsike mpaka pansi osaima pa nambala 1.

Tagwirizana kuti kumapeto kwa kope lake asiye masamba angapo, tsamba lililonse liwu limodzi, akakumana nalo pena paliponse, pa wailesi, pa chikwangwani, mu buku, azilemba chiganizo chonsecho osati tanthauzo lokha. Tsamba la charge lili kale ndi ziganizo za lerozi kuphatikiza ya njovu ija. Liwu lachiwiri wasankha yekha, akuti liwu loti fine limamuzunguza, poti munthu amati I am fine koma bambo ake anapatsidwa fine ndi apolisi apamsewu ndipo sanabwere kunyumba ali bwino. Limenelo tikhalira Loweruka akaweruka kuchapa.