Mmene ndinaphunzirira kusiya mpira ndikamaimbira basketball

Gemu yanga yoyamba kuimbira ndinkadzimva heve, wezulo pakamwa, maso pa mpira basi, kulikonse wapita nane ndili konko. Kota yachiwiri ndangoona mnyamata wina ali pansi kunsi kwa ringi wagwira nthiti, kochi wake akukuwa kuti refa simunaone? Zoona sindinaone kanthu. Ine ndinali Lead, refa wa mbali ya ku ringi, ndaima kuseri kwa mzere wakumapeto, koma maso anali kwa amene amadribula kunja kwa mzere wa 3 points uko, komwe a Trail, refa mnzanga wotsatira osewera kumbuyo, anali akuyang'ana kale. Ndiye maso anayi pa anthu awiri, anthu 8 otsalawo akupanga zofuna zawo.

Pa half time madala amene ndinkaimba nawo anangondifunsa kuti iwe wabwera kudzaonerera kapena kudzagwira ntchito? Zinandiwawa koma ndi pomwe ndinayambira.

Choyamba anandiphunzitsa kukambirana gemu isanayambe, osati kungofika nkuvala yunifomu ayi. Ife nthawi zambiri timakhala awiri, Lead ndi Trail, pomwe gemu zikuluzikulu za FIBA, bungwe la basketball padziko lonse, amakhala atatu, pamawonjezereka Centre. Bwalo la mamita 28 mulitali ndi 15 mulifupi munthu mmodzi sungalione lonse, ndiye mumagawana, mpira ukakhala mbali ya mnzako iwe usiye, ndi wake.

Kusiyako ndiye kovuta aise, maso amangothawira okha ku mpira. Chimene chinandithandiza, mpira ukangotuluka mdera langa ndimasankha anthu awiri amene akukankhana kwambiri, nthawi zambiri ataliatali aja akulimbirana malo pafupi ndi ringi, nkumawatchula manambala mumtima, 12 oyera ndi 7 ofiira, choncho. Ndipo ndimayang'ana wotchinga kwambiri kuposa mnzakeyo, chifukwa ukaona pomwe wotchinga anaima poyamba sukayikanso kuti wayamba kugunda mnzake ndani. Ndikusunthanso pang'ono kuti ndione mpata wa pakati pawo, ukaima kumbuyo kwa munthu umangoona msana, mkono wokoka jezi suuona.

Ma screen, kuja wosewera amaima panjira ya wotchinga kuti wa timu yake amasuke, ndi pomwe pali chinyengo chambiri. Woika screen akuyenera kukhala ataima, mapazi onse pansi pamene akugundana, ndipo ngati waika kumbuyo komwe wotchingayo sakuona ampatse mpata wa sitepe imodzi. Koma anyamata ndi ochenjera, wina amangotulutsa chiuno pang'ono kapena bondo wotchinga akamadutsa, wa timu yake uja wamasuka walandira mpira waponya 3, anthu akuombera mmanja osadziwa kuti faulo inachitika mpira usanafike nkomwe. Ukachedwa kuyang'ana umangoona mathero ake, ndiye umayamba kuimba zongoganizira, zomwe ndimadana nazo kuposa kuphonya kumene.

Za masekondi atatu mu key muja, bokosi la pansi pa ringi momwe wa timu imene ili ndi mpira saloledwa kupyola nthawi imeneyi, sindichedwapo, umangowerenga chamumtima ndipo ukaona kuti akutuluka kale msiye.

Mpira ukaponyedwa, a Lead osadzutsa mutu. Izi zinanditengera miyezi. Kuti walowa kapena wina waugwira ukutsika ndi za a Trail, ine zanga ndi manja ali pamsana pa mnzake pokonzekera rebound (kulanda mpira ukaphonya), kukankha kuja kumachitika mpira uli mmwamba aliyense akuyang'ana kumwamba.

Kunyumba ndinkatsegula gemu pa YouTube nkumaonera kota yonse ya mphindi 10 osatsata mpira, poyamba zimabowa, sudziwa ngakhale amene wagoletsa, koma kenako umayamba kuona zigongono.

Faulo yanga yoyamba ya kutali ndi mpira ndinaimba patapita gemu zingapo, screen yosuntha, bwalo lonse linandikuwiza poti palibe anaona, kochi mpaka anaimirira manja mmwamba. Ndinapita ku tebulo la olemba zigoli kukanena faulo, nambala 7, miyendo ikunjenjemera. Mnyamatayo sanatsutse, anangokweza dzanja nkubwerera kukatchinga.