Timatabwa toberekana tokha

Abale, usiku wathawu tulo sindinatione chifukwa cha wasayansi wina wa ku London, Lionel Penrose. Mu 1957 iye ndi mwana wake Roger adalembera kalata magazini ya Nature, kufotokoza makina otha kuberekana. Makina ake? Timatabwa tosema basi, ta mitundu iwiri, tokhala ndi tingowe. Ukatindandalika mumzere n'kutigwedeza, sitikolana ayi. Koma ukaikapo tiwiri tokolana kale, tinzake timayamba kugwirana tiwiritiwiri mofanana ndendende ndi toyambato. Popanda magetsi, popanda kompyuta!

Mu 1959 magazini ya Scientific American idasindikiza nkhani yaitali ya Lionel yofotokoza makinawa. Roger yemweyu adadzalandira mphoto ya Nobel mu 2020, koma ine timatabwato ndi timene tandigwira mtima. Mawa ndikafunsa kalipentala wathu ngati angandisemereko.