Mmene Ndinawaitanira Alamu Anga ku Miseche Yanga

Mu Novembala 2022, Elon Musk atangogula Twitter, alamu anga a ku Johannesburg anandinyengerera kuti ndilowe pa Mastodon, tsamba la mchezo limene Eugen Rochko wa ku Germany anayambitsa mu 2016. Anandiuza kuti tsambali lilibe mwini mmodzi, koma lili ndi maseva (makompyuta osunga mauthenga) ambirimbiri otumizirana mauthengawo kudzera mu njira yotchedwa ActivityPub, ndiponso kuti uthenga uliwonse umausankhira amene auone: anthu onse, anthu onse koma mosalengeza, okutsatira okha, kapena okhawo amene wawatchula. Zonsezi ankafotokoza pa foni ine ndikukukuta chimanga chowotcha, choncho ndinangomva theka.

Kwa masabata atatu ndinkaika zithunzi za nkhuku zanga, chilichonse ndi mahashtag (mawu oyamba ndi chizindikiro cha #) asanu, koma panalibe woyankha kupatula alamuwo. Sindinadziwe kuti ndinasankha "Unlisted", kutanthauza anthu onse koma mosalengeza, ndipo uthenga wotere suoneka kwa anthu ofufuza hashtag, ngakhale utaikapo makumi awiri. Ndinali ngati wogulitsa tomato amene wayala malonda ake kuseri kwa chimbudzi.

Usiku wina mtima utandipweteka, ndinaganiza zodandaulira mnzanga amene ndinaphunzira naye kusekondale. Ulendo uno ndinasamala kwambiri, ndipo ndinasankha uthenga wa otchulidwa okha. Ndinalemba kuti alamu anga andibweretsa kumanda kopanda ngakhale kadzidzi, kuti ndi munthu woumira, ndiponso kuti nsapato zimene ananditumizira pa Khrisimasi zinali zoti anazivala kale mpaka chidendene kupendekeka. Kuti mnzangayo asasokonezeke kuti ndikunena alamu ati, pakuti ndili nawo anayi, ndinalemba dzina lawo lonse la pa tsambalo, kuyambira ndi chizindikiro cha @.

Pa Mastodon, uthenga wamseri suli ngati kalata yomata ya munthu mmodzi. Ndi uthenga wamba umene umafika kwa aliyense amene dzina lake lalembedwamo ndi @, kaya ali pa seva iti. Mwa kuyankhula kwina, ndinawagwira dzanja alamu anga n'kuwakhazika pampando wakutsogolo kuti amve bwino.

Pasanathe mphindi khumi yankho linafika: "Zikomo alamu, ndamva zonse. Nsapatozo mungathe kubweza." Ndinafufuta uthengawo thukuta lili kamukamu, koma anali atatumiza kale chithunzi chake kwa mlongo wawo, mayi a kunyumba kwanga, amene anali nane m'chipinda chomwecho akupinda zovala. Ndinayesa kunena kuti foni inalakwitsa yokha. Alamu anandiyankha mofatsa kuti ngakhale ndikanapanda kuwatchula, mauthenga amseri a pa Mastodon sabisika kwa woyang'anira seva, ndipo woyang'anira kaseva kathuko, amene amalipira ndalama mwezi uliwonse kuti nkhuku zanga zikhale pa intaneti, anali iwowo.

M'mawa mwake ndinapeza mayi a kunyumba atazipukuta bwino nsapatozo n'kuziika m'jumbo pafupi ndi chitseko, ndipo kuntchito ndinapita nditavala patapata.